ZA KUFUNA CHOONADI PA GOMBE LATHU LINO

Mau amene ananenedwa pa msonkhano wa mafumu ndi mamembala ku Chintheche, nalembedwa kuti iwo amene sanafike awerenge.

Bambo Wapampando, inu Mafumu eni dziko, Abusa, ndi abale nonse a m'bungwe lino, amene mwachokera ku Usisya, ku Mpamba, ku Kande ndi kuno ku Chintheche: Komiti inandipempha kuti ndinene za choonadi, chimene chiri, ndi m'mene Mkristu ayenera kuchifunira. Ndilankhula m'Chinyanja chifukwa kalata ya msonkhano uno ipita kutali, kwa ana athu ali pa nchito ku Lilongwe, ku Harare ndi ku Johannesburg, ndi kwa anansi athu amene samva Chitonga.

Kapena ena aganiza kuti nkhani yotere iyenera Abusa tsiku la Sabata, osati msonkhano wa mafumu. Ine nditi iai. Mbusa akatha kulalikira apita kwao kukadya kondowole. Koma mfumu ikhala pa bwalo, anthu awiri ali patsogolo pache, yense alumbira kuti mnzache ndiye wabodza, ndipo dzuwa lisanalowe iyenera kunena amene atenge munda, kapena ngati nkhalamba yonenedwa ufiti ikhale m'mudzi kapena ichoke. Palibe munthu m'dziko muno amene asowa choonadi tsiku ndi tsiku koposa mfumu.

Tiyambe ndi liu lenilenilo. Liu la Chinyanja lakuti choonadi lichokera ku kuona. Zoona ndizo zimene diso linaona. Liu lathu la Chitonga, uneneska, ndi la abale athu Atumbuka, unenesko, aloza ku pakamwa, kwa munthu wonena zenizeni. Onse awiri ndi mau abwino, koma diso ndi pakamwa zingathe kusokera pamodzi, mwini wache osafuna kunama. Mlendo amene afika pa gombe lino nthawi ya dzinja, naona mtambo wakuda uli kukwera pakati pa nyanja, alumbira kuti sitima iri kupsa. Sanama, anena chimene waona. Koma mwana wa msodzi amseka, pakuti adziwa kuti ndizo nkhungu, zimene amai ache azigwira ndi lichero zikafika kumtunda, naziphika ndiwo. Tsono Ahebri, amene analemba Chipangano Chakale, liu lao la choonadi limera pa muzu umodzi ndi liu lija titsekera nalo mapemphero, Amen; ndipo tanthauzo lache ndilo chinthu chokhazikika, chimene munthu angatsamire osagwa, monga miyala ya pa chilumba cha Kande, imene mwera uimenya chaka ndi chaka osaisuntha. Chifukwa chache m'Buku Lopatulika choonadi chiyamba ndi Mulungu mwini, amene sasintha mau ache. Ndipo m'Uthenga wa Yohane Ambuye Yesu, pofuna kuonetsa ophunzira ache choonadi, sanawapatse pepala la mayankho, koma anadziloza yekha. Ichi ndicho ndifuna kuti tigwire lero: kwa Mkristu choonadi si chinthu chimene munthu achitola tsiku limodzi nachiika m'thumba, ndiye Munthu amene timtsata, ndipo womtsata aphunzira kukhala wokhazikika monga Iye. Mbiri ya gombe lathu lino iphunzitsa ichi koposa mabuku a kutali.

Makolo athu sanali anthu osasamala choonadi. Anachifuna ndi njala yaikuru, kotero kuti analola kufa chifukwa cha icho. Munthu akafa modzidzimutsa, kapena mlandu wa chigololo kapena wa ufiti ukakanika pa bwalo, anaitana mapondera, iye nakasenda khungwa la mtengo wa mwabvi, nalisinja, nalisakaniza ndi madzi. Woimbidwa mlandu namwa pamaso pa anthu onse. Akasanza, abale ache anaimba nthungululu, ndipo womnenera analipira. Akafa, anati mwabvi wagwira mfiti. Pa milandu yaing'ono anamwetsa nkhuku kapena galu m'malo mwa munthu. Ndipo chozizwitsa ndi ichi, chakuti anthu ambiri osalakwa anapempha okha kumwa, pokhulupirira ndi mtima wonse kuti mwabvi sunama.

Ine sindiseka makolo pa ichi, ndipo ndipempha anyamata ophunzira kuti asawaseke. Pansi pa mwambo umenewo panali nzeru yoona: anadziwa kuti pakamwa pa mboni pagulika, kuti mfumu iri ndi abale ache, ndi kuti payenera kukhala woweruza wina woposa onse, wosaona nkhope. Kusokera kwao kunali pa kuyesa kuti woweruzayo akhala m'khungwa la mtengo. Lero tidziwa kuti khungwalo liri ndi ululu umene uimitsa mtima, ndi kuti kusanza kapena kufa kutsata kuchuluka kwa mankhwala, kasinjidwe kache, ndi mphamvu ya thupi la womwayo. Mtengo sudziwa amene anaba mbuzi. Koma mapondera adziwa bwino amene anampatsa mbuzi usiku. Boma linaletsa mwabvi ndi lamulo la ufiti la chaka cha 1911, limene liletsanso kuloza munthu kuti ndi mfiti. Lamulolo linachotsa chikho m'manja mwa anthu, koma silinachotse m'mtima njala ya kudziwa wolakwa lero lomwe, popanda kufufuza. Njala yomweyo inalandira mchape m'zaka za m'ma 1930, ndipo inatenga makamu a anthu kunka kwa Chikanga ku Rumphi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950.

Uthenga unafika pa nyanja ino m'chaka cha 1875, pamene sitima ya Ilala inalowa ndi amishoni a Free Church of Scotland, namanga ku Cape Maclear. Kumeneko anaika m'manda anzao asanu, nabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe, m'chaka cha 1881. Chaka chomwecho Dr. Robert Laws anasamutsira mishoni kuno ku Bandawe. Anapeza dziko la mantha, pakuti anthu athu anali atangotuluka m'manja mwa Angoni a M'mbelwa, nakhala mothinana m'malinga m'mbali mwa nyanja, monga kwa Mankhambira ndi kwa Marenga. Mafumu analandira Azunguwo, ndipo popeza tiri kunena za choonadi tinene choonadi: ambiri anawalandira poyembekeza chinjirizo pa nkhondo, nsalu ndi nchito, osati chifukwa cha Uthenga. Zaka zingapo zinapita Atonga oyamba asanabatizidwe. Koma ana anadzaza sukulu, ndipo m'chaka cha 1895, masiku a Rev. A. G. MacAlpine, anthu anayamba kudza m'makamu kudzafuna ubatizo.

Mphatso yaikuru ya mishoni, m'kuona kwanga, inali kuwerenga. Munthu wodziwa kuwerenga safunikanso kumwa chirichonse chimene mapondera amsinjira. Atsegula buku yekha naona ngati mlaliki wanena zimene zinalembedwa, monga anachitira anthu a ku Bereya pa Machitidwe 17, amene anayesa ngakhale mau a Paulo tsiku ndi tsiku, ndipo Buku liwatama chifukwa cha ichi. Koma mishoni yomweyo inaika khomo lopapatiza. Munthu anayamba m'kalasi ya akumva, napita m'kalasi ya ofuna ubatizo, nayesedwa ndi mafunso. Zaka zinapita, pakuti ofuna anali zikwi, oyesa anali owerengeka. Cholinga chao chinali chabwino, chakuti ubatizo usakhale mwambo wachabe. Koma anthu odikira anayamba kuona ngati choonadi ndi katundu wa m'sitolo, amene Mzungu asunga kiyi wache.

Pamenepo ndipo panauka Elliot Kenan Kamwana, mwana wa dziko lino, Mtonga mnzathu. Anaphunzira ku Bandawe, napitirira ku sukulu yaikuru ya ku Khondowe, kumene Dr. Laws anasamukira m'chaka cha 1894. Anachokako m'chaka cha 1901 asanabatizidwe, nanka ku South Africa monga anachitira anyamata athu ambiri. M'chaka cha 1907 anakhala ndi Joseph Booth ku Cape Town, naphunzira kwa iye mabuku a Watch Tower, olembedwa ndi Charles Taze Russell wa ku America. Anabwera kuno m'chaka cha 1908, ndipo m'miyezi yowerengeka anabatiza anthu oposa 9,000, m'nyanja muno ndi m'mitsinje, popanda kalasi, popanda ndalama. Analalikira kuti m'mwezi wa October 1914 ufumu wa Kristu udzafika, ulamuliro wa Azungu udzatha, ndi msonkho womwe. Sukulu ndi nyumba za mapemphero za mishoni zinatsala zopanda anthu m'midzi yambiri. Boma linachita mantha, ndipo m'chaka cha 1909, masiku a Bwanamkubwa Alfred Sharpe, linamgwira ndi kumchotsa m'dziko lino.

Ndidziwa kuti ena muli m'nyumba muno ndinu adzukulu a iwo amene analowa m'madzi masiku amenewo, ndipo ena ndinu adzukulu a akuru a mpingo amene analira poona mabenchi opanda anthu. Chotero ndiyesa kunena mosakondera. Pa zowawa za anthu Kamwana ananena zoona. Msonkho unali wolemera, amuna anatha m'midzi kukaufuna ku migodi, khomo la ubatizo linali lotsekeka, ndipo munthu wakuda wophunzira anaima kunja monga mwana. Zikwi zija sizinamtsate chifukwa cha kupusa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma pa zowawa zoona anamangapo tsiku losaona. Chaka cha 1914 chinafika, ndipo chimene chinatuluka pa doko la Nkhata Bay m'mwezi wa August ndiyo sitima ya Boma ya Gwendolen, kunka kutsidya kukaombera sitima ya Ajeremani. M'mwezi wa September mfuti zinalira ku Karonga. Ndipo pambuyo pache amuna athu anatengedwa ku tengatenga, nasenza katundu wa nkhondo ya eni, ambiri osabwerako. Wina angati, Nanga si chinachitikadi chinthu chachikuru chaka chimenecho? Inde chinachitika, koma lonjezo linali lakuti msonkho udzatha ndi Azungu adzachoka, ndipo Azungu analamulabe zaka 50, kufikira 1964. Pa Marko 13 Ambuye anachenjeza kuti tsikulo lidziwika kwa Atate yekha. Munthu amene awerengera tsikulo ndi masamu achita chomwe anachita mapondera: afuna kukakamiza Mulungu kuti ayankhe pa nthawi imene ife taika.

Tsono pali chinthu china m'moyo wa munthu yemweyu chimene ndichilemekeza koposa ulaliki wache. Pamene John Chilembwe anauka ndi nkhondo m'chaka cha 1915, Kamwana sanagwire mkondo, popeza anakhulupirira kuti ufumu sudza ndi mkondo. Ngakhale zinali chomwecho Boma linamtumiza ku zilumba za kutali, ku Mauritius m'chaka cha 1916 ndi pambuyo pache ku Seychelles, ndipo sanaone nyanja ino kufikira 1937. Tsiku lache linalephera, zaka 21 zinatha pakati pa alendo, koma anabwera ali kupempherabe, nayamba mpingo wa Mlonda, namwalira m'chaka cha 1956. Ngati mufunsa kumene kunali choonadi cha mtundu wa Amen uja m'moyo wache, ine nditi sichinali pa October 1914. Chinali pa zilumba zija.

Chomwechonso ndi Mboni za Yehova, mpingo wosiyana ndi wa Kamwana ngakhale mabuku oyamba anali amodzi, amene kufikira lero atcha chipembedzo chao choonadi. Pa ziphunzitso zambiri ine sindibvomerezana nao. Koma Boma litawaletsa m'chaka cha 1967, ndi pamene anasakidwa m'chaka cha 1972 chifukwa cha kukana kugula khadi la chipani, zikwi zambiri anasiya nyumba ndi minda nathawira ku Sinda Misale m'dziko la Zambia, osalola kunena ndi pakamwa chimene mtima ukana. Ndipo chiletsocho chinatha m'chaka cha 1993. Akristu ambiri a m'mipingo ina anadziwa kuti anansi aowo sanabe kanthu, nakhala chete. Masiku amenewo choonadi sichinasowe m'dziko. Anthu anachidziwa m'nyumba zao, nachinong'ona usiku. Chimene chinasowa ndiye wochinena masana, kufikira mabishopu a Katolika analemba kalata yao imene inawerengedwa m'machalichi pa 8 March 1992. Pilato yemwe, pa Yohane 18, anafunsa Yesu za choonadi, natuluka osadikira yankho; ndipo sanali wosadziwa, pakuti ananena yekha kuti sapeza mlandu mwa Iye. Anaopa khamu ndi mpando wache.

Ndinene pang'ono za mwana wina wa gombe lino, amene anayenda njira yosiyana. Yesaya Zerenji Mwasi anadikira pa khomo lija lopapatiza, nalowa. M'chaka cha 1914 anadzozedwa ubusa pamodzi ndi Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, ndiwo abusa akuda oyamba a Livingstonia. Anatumikira zaka 19, ndipo m'chaka cha 1933 anatuluka, atalemba m'Chingerezi zifukwa zache, nayamba mpingo wa anthu akuda kuno ku Utonga. M'chaka cha 1935 anagwirizana ndi Charles Chinula ndi Yaphet Mkandawire. Sanakane Kristu kapena Buku. Mlandu wache unali wakuti Chikristu chiyenera kumera mizu m'nthaka yathu, osakhala mbeu ya mlendo yothiriridwa ndi mlendo, ndi kuti Mulungu angathe kulankhula ndi Mtonga osadzera ku Scotland. Kaya anachita bwino kutuluka kaya akadapirira, akuru atsutsana kufikira lero, ndipo sindiweruza pano. Koma funso lache linali loona, ndipo nthawi inamchitira umboni, pakuti lero Sinodi ya Livingstonia iri m'manja mwa ana a dziko. Chinangwa chomwe tidya chinachokera kutsidya kwa nyanja zazikuru, ku America. Koma ndani anganene kuti kondowole ndi chakudya cha alendo?

Ndipo tisaiwale kuti anthu a mtundu umenewu ndiwo anayamba misonkhano yonga uno. North Nyasa Native Association inayamba m'chaka cha 1912, ndipo West Nyasa Native Association, ya kuno kwathu, m'chaka cha 1914. Mwasi anali mmodzi wa akuru ache. Analibe mfuti kapena chuma. Chida chao chinali kulemba kwa Boma zenizeni za umoyo wa anthu, mwaulemu, ndi maina ao pansi. Anadziwa kuti akanama kamodzi, kalata zao zonse zidzatayidwa. Mpando umene mwakhalapo, Bambo Wapampando, unapalidwa ndi anthu amene mphamvu yao yonse inali yakuti mau ao akhulupirika.

Tsopano ndibwere ku mabwalo athu a lero, pakuti sindinaime pano kudzanena mbiri chabe.

Mwabvi wabwera kachiwiri, ndipo tsopano wanyamula Buku m'khwapa. Mwana akadwala kapena bwato likamira, afika munthu wodzitcha mneneri, natseka maso, nati waona. Ndipo kawirikawiri chimene waona ndi gogo wamasiye wopanda ana amuna omuimira, amene munda wache uli pabwino. Nthawi zina ana aang'ono afunsidwa usiku wonse kufikira abvomera zimene akuru afuna kumva. M'mawa mudzi uli pa khomo la mfumu, ufuna chiweruzo dzuwa lisanakwere. Mafumu anga, apa ndipo pali nchito yanu ya Chikristu. Chilamulo cha Mose, pa Deuteronomo 19, sichilola kutsutsa munthu ndi mboni imodzi. Chilamula oweruza kufufuza bwino, ndipo mboni ikapezeka yonama ilandira chilango chomwe inafunira mnzache. Maloto a munthu si mboni, pakuti palibe wina angalowe m'mutu mwache kukaona. Ndiponso kumbukirani kuti Ambuye wathu yemwe ananenedwa kuti achita zozizwitsa ndi mphamvu ya mkuru wa ziwanda, ndiko kunena kuti anamtcha mfiti. Natsutsidwa usiku, mofulumira, ndi mboni zonama, khamu liri kupfuula panja. Mkristu amene aona nkhalamba itazingidwa ndi anyamata ogwira miyala safunika kufunsa mbali imene Yesu waima. Anaimapo kale pamalo pomwepo.

Sindinena kuti imfa ya mwana ndi chinthu chaching'ono, kapena kuti ofedwa alakwa pofunsa chifukwa. Afunse, koma afunse kumene kuli yankho. Malungo aoneka m'magazi, likodzo lioneka m'mkodzo, ndipo bwato lodzaza likakomana ndi mwera limira ngakhale m'mudzi mulibe nkhalamba ndi imodzi yomwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mfumu imene inena kwa khamu kuti, Bwerani mkuja, tiyambe tamva ku chipatala, kawirikawiri yapulumutsa moyo ndi mau amenewo okha, pakuti mkwiyo wa khamu sugona masiku awiri.

Mlandu wina ndi wa malo. Gombe la pakati pa Chintheche ndi Kande lakoma m'maso mwa anthu a ndalama, ndipo nyumba za alendo zamangidwa pamene kale asodzi anayanika usipa ndi kusoka chilimira. Sindidana ndi alendo. Ana athu apeza nchito kumeneko. Koma pamene ndalama ifika, chikumbukiro cha akuru chidwala: malire amene mudzi wonse unawadziwa asuntha usiku, ndipo munthu alumbira kuti pamalo pakuti panalibe manda, ali kudziwa amene anagona pamenepo. Werengani 1 Mafumu 21, za munda wa Naboti. Anthu akumbukira Ahabu ndi Yezebeli. Aiwala kuti amene anaitana msonkhano, naimika mboni ziwiri zonama, anali akuru a mudzi wa Naboti yemwe, anthu odziwa bwino lomwe mwini munda. Lamulo la malo a makolo la chaka cha 2016 liika mafumu m'makomiti olemba malo, ndipo cholembedwa chikhala. Bodza la pa bwalo kale linafa ndi wolinena. Bodza lolowa m'kaundula lidzadya adzukulu. Akuru anati mlandu suola.

Za lamya za m'manja sindichulutsa mau. Mbiri imene kale inayenda sabata lathunthu kuchokera ku Usisya kufika ku Kande, lero ifika madzi asanawire. M'chaka cha 2017 mbiri ya anamapopa inaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nao, ndipo palibe anaonetsa magazi opopedwa. Munthu amene atumiza kwa anzache chimene sanachifufuze wakhala mboni, ngakhale ati anangopitiriza.

Tsono wina adzandifunsa kuti, Mipingo yachuluka pa gombe lino, uliwonse uti choonadi chiri kwa ife. Munthu wamba achipeza bwanji? Sindidzakuuzani dzina la mpingo, pakuti msonkhano uno ndi wa onse. Ndinena chimene mbiri ija yationetsa. Opani mphunzitsi amene akupatsani choonadi chonse madzulo amodzi, makamaka ngati chikondweretsa mkwiyo wanu kapena chidzaza thumba lache. Opaninso mphunzitsi amene achitsekera m'bokosi, nakwiya mukamfunsa. Buku Lopatulika liripo m'Chinyanja kuyambira 1922. Werengani mutu wonse, osati ndime imodzi imene wina waidula, ndipo werengani pamodzi ndi ena, pakuti chilimira sichikokedwa ndi munthu mmodzi. Pa Yohane 7 Ambuye aphunzitsa kuti wofuna kuchita chifuniro cha Mulungu ndiye adzazindikira chiphunzitso choona. Ndiko kuti kudziwa kutsata kumvera. Munthu amene abisa sikelo yonyenga pogulitsa nsomba, nakhala usiku kufufuza za chirombo cha m'Chibvumbulutso, wayamba ulendo cham'mbuyo. Ndipo chiyeso chowawa koposa ndi ichi: kodi ulola choonadi chikakutsutsa iwe mwini? Davide anali mfumu, ndipo pamene Natani anamuuza fanizo la mwana wa nkhosa, anakwiyira munthu wa m'fanizolo, kufikira mneneri anamuonetsa kuti munthuyo ndi iye. Akadatha kumupha Natani pomwepo, koma anabvomera. Mfumu iriyonse ifunika munthu mmodzi pa bwalo lache amene aloledwa kunena chotero osaopa kulandidwa munda.

Chifukwa chache, Bambo Wapampando, ndiika pamaso pa msonkhano pempho ili, kuti Mlembi alilembe ndipo mulikambe. Mafumu a m'bungwe lino apangane kuti pa mabwalo ao maloto, maula ndi masomphenya a aneneri sadzalandiridwa monga umboni wotsutsa munthu. Ndi kuti munthu aliyense wonenedwa ufiti adzasungidwa pa khomo la mfumu, ndi uthenga utumizidwe kwa apolisi, khamu lisanamgwire. Ndipemphanso kuti malo a pa gombe asalembedwe kwa wogula ali yense kufikira malire ayendedwa masana, pamaso pa eni minda yoyandikana, akazi amasiye ndi asodzi a pa dokolo, ndipo maina a mboni alembedwe m'buku la mudzi. Abusa a mipingo yonse imene iri pano atithandize powerenga pangano limeneli kwa anthu ao, likabvomerezeka.

Ndidziwa kuti pali mafumu ena amene aona zobvuta zimene ine sindiziona, makamaka m'midzi ya kutali ndi apolisi. Chotero ndipempha kuti a ku Usisya, amene ulendo wao wobwerera uli wautali, ayambe ndiwo kulankhula.